Galu akamangodzinyambita mapazi, Brufen wanu musamuyandikize

Ambiri mwa ife tinakulira kumene galu amagona panja, amadya mkute ndi madeya, ndipo akadwala zimakhala za iye ndi Mulungu wake. Kunja kuno zinthu zinatembenuka. Ena ana anatikakamiza mpaka tinagula kagalu. Ena timasamalira okalamba m'nyumba zawo ku Mangalande, ndipo galu wa agogowo amasanduka gawo la ntchito ngakhale sanalembedwe pa kontirakiti. Enanso ku Johannesburg ndi ku Cape Town amagwira ntchito zam'nyumba ndi zam'dimba, ndipo abwana akapita ku holide galu amatsala m'manja mwawo. Poti anthu amadziwa kuti ndine namwino, funso limodzi limandipeza pafupipafupi: "Asisi, galuyu akungodzinyambita mapazi usiku wonse, ndimupatse chiyani?"

Musamupatse kanthu kaye. Ine ndimasamalira anthu osati ziweto, koma pali lamulo limodzi lomwe limagwira konsekonse: suyamba ndi mankhwala usanaone pomwe pakuwawa. Kunyambita si matenda ayi, ndi chizindikiro chabe. Galu aliyense amadzinyambita pang'ono akachokera koyenda. Vuto ndi pamene sakuleka, akudziluma, akutsimphina, kapena ubweya wapamapazi wasanduka wofiirira ngati dzimbiri. Mtundu umenewo si magazi, ndi malovu omwe adetsa ubweyawo, ndipo ukutanthauza kuti zinayamba kalekale.

Choyamba onani ngati ndi phazi limodzi kapena onse. Likakhala limodzi, ndipo zayamba mwadzidzidzi, nthawi zambiri pali chomwe chalowa kapena chavulala: munga, kagalasi, chikhadabo chong'ambika, mbola ya njuchi, nkhupakupa yobisala pakati pa zala. Ku Britain, kuyambira June mpaka August, njere za udzu ndiye zimavuta. Musaziyerekeze ndi chisoso chija chimangomata pa thalauza. Izi ndi zosongoka ngati muvi, zimaboola khungu pakati pa zala n'kumalowerabe mkati, ndipo sizibwerera. Mukaona katupsa kofiira kotulutsa mafinya pakati pa zala, musakafinye. Imeneyo ndi ntchito ya dokotala wa ziweto, ndipo mukachedwa njereyo imayenda mpaka kufuna opaleshoni.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. M'nyengo yachisanu makhonsolo amathira mchere m'misewu kuti anthu asaterereke, ndipo mcherewo umawaula mapazi a galu. Akaunyambita wambiri umamudwalitsanso. Ku South Africa, mu December ndi January, phula ndi simenti zimatentha moti n'kusupula khungu. Ikani kumbuyo kwa dzanja lanu pansi kwa masekondi 5; ngati inu simungapirire, nayenso sangapirire.

Koma akakhala mapazi onse anayi, makamaka ngati akukandanso makutu, kukhwapa ndi kumimba, kawirikawiri ndi vuto lomwe azungu amati allergy, thupi kudana ndi zinthu zomwe kwa ena n'zosavulaza. Zimatha kukhala mungu wa maluwa ndi udzu, tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'fumbi la m'kapeti ndi m'matiresi, malovu a utitiri, kapena chakudya. Ndi chimodzimodzi mwana wa chikanga kapena wa mphumu. Nthawi zambiri limayamba galu ali ndi miyezi 6 mpaka zaka 3, ndipo mitundu ina monga Labrador, French bulldog ndi West Highland terrier imavutika nalo kwambiri. Apa mundimvetse bwino, chifukwa ndi pomwe anthu amataya ndalama ndi mtima: vutoli silichiritsika, limangochepetsedwa, ngati BP. Amene akukugulitsani botolo pa Facebook kuti lithetsa zonse pa sabata imodzi akukudyerani mapaundi.

Za utitiri musanene kuti "kwathu n'kwaukhondo". M'nyumba zotenthetsedwa zakuno utitiri umaswana chaka chonse, ndipo mazira ake ambiri amakhala m'kapeti ndi pogona galu, osati pathupi pake. Kwa galu amene thupi lake limadana nawo, kulumidwa kamodzi kokha n'kokwanira. Ngati muli ndi mphaka, chenjerani: mankhwala a utitiri a galu okhala ndi permethrin amapha mphaka.

Pa chakudya, zomwe zimavuta kawirikawiri ndi nyama ya ng'ombe, mkaka ndi nkhuku. Njira yodalirika yodziwira ndi kumupatsa chakudya chapadera chomwe dokotala wasankha, chokhacho basi, kwa masabata pafupifupi 8. Kovuta si galuyo, ndi anthu am'nyumba. Kafupa ka nkhuku komwe mwana wamuponyera pansi pa tebulo, kapena kambamu ka nsima koviika mu msuzi, kamafufuta ntchito ya mwezi wonse.

Chilichonse chomwe chayambitsa, mathero ake amafanana. Pakati pa zala pakamangonyowa ndi malovu, mabakiteriya ndi mafangasi amaswana, phazi limatupa, limanunkha chivundi, kuyabwa kumawonjezeka, ndipo galu amanyambita koposa kale. Dokotala amatenga kachinthu pakhungupo n'kukayang'ana pa maikulosikopu, ndipo ndi pomwe amadziwa ngati pakufunika sopo wa chlorhexidine, mankhwala a mafangasi kapena opha mabakiteriya. Zoletsa kuyabwa ziliponso zabwino masiku ano: mapiritsi a Apoquel, jakisoni wa Cytopoint yemwe amagwira ntchito masabata 4 mpaka 8, ndi prednisolone yemwe ndi wotchipa koma akamwedwa nthawi yaitali ali ndi mavuto omwewo timawaona pa anthu. Zonsezi amalemba ndi dokotala wa ziweto.

Tsopano pa nkhani ya kabati yathu yamankhwala, ndipo ndikulankhula makamaka kwa anzanga a yunifolomu, chifukwa ife ndiye timadzikhulupirira kwambiri. Ibuprofen, yemwe tinazolowera kumuti Brufen, amaboola zilonda m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso, ngakhale pa mlingo womwe kwa munthu ndi wochepa. Diclofenac, wakumwa kaya wopaka, chimodzimodzi. Kumbukirani kuti chilichonse mwapaka paphazi la galu chimathera m'mimba mwake. Panado madokotala a ziweto amamulemba nthawi zina kwa agalu, pa mlingo wawo, koma mukayerekeza nokha mutha kupsereza chiwindi, ndipo kwa mphaka ndi poizoni weniweni. Dettol, Jeyes Fluid ndi mafuta a tea tree siza pakhungu la galu. Oyilo wakuda wa galimoto uja ena ankapaka agalu a mphere kumudzi, tingomusiya komweko.

Zomwe mungachite nokha zilipo. Tsukani mapazi ndi madzi ofunda mukachokera koyenda, muwapukute mpaka aume, makamaka pakati pa zala. Pakakhala kabala kakang'ono, sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya mchere mu theka la lita ya madzi owiritsa omwe azizira, mutsukire. Muvekeni kolala ija yooneka ngati fanulo kuti asafikire phazilo; adzakuyang'anani ngati mwamulakwira, koma azolowera. Bandeji yothina musamange, imatseka magazi. Akamatsimphina, phazi likatupa, pakatuluka magazi kapena mafinya, pitani naye tsiku lomwelo. Zikakhala zongonyambita koma masiku awiri atatu adutsa osasintha, imbani foni mupangane tsiku.

Galu wokalamba amene amanyambita malo amodzi pamwamba pa mfundo, mwina ndi nyamakazi ikumuwawa. Palinso kusungulumwa. Ife timagwira mashifiti a maola 12, ena kuwonjezera ndi naiti, ndipo galu wotsekeredwa yekha tsiku lonse amanyambita mwendo wakutsogolo mpaka kupanga chilonda cholimba chomwe chimatenga miyezi kuti chipole. Koma musafulumire kunena kuti ndi nkhawa chabe. Madokotala amafika pamenepo atatsimikiza kuti palibe kuyabwa kapena ululu.

Ndikudziwa chomwe chimatichedwetsa: ndalama. Agalu alibe NHS, ndipo munthu uli ndi fizi ya ana a achimwene ikukudikira kumudzi. Mabungwe monga PDSA ndi Blue Cross amathandiza, koma amayang'ana kwambiri olandira thandizo la boma, pamene ambiri a ife pa viza yantchito sitiloledwa kulandira thandizolo. Inshuwalansi nayo nthawi zambiri silipira matenda omwe anayamba musanalembetse, ndiye ngati mukufuna kuitenga, itengeni galu adakali bwino. Ku South Africa funsani ku SPCA ya dera lanu kapena ku Animal Anti-Cruelty League. Zipatala zawo zimathandiza opeza zochepa. Kulikonseko, funsani mtengo asanayambe, si zamanyazi.

Kwa inu osamala galu wa eni ake: lamulo la Animal Welfare Act la 2006 ku England ndi Wales limaika udindo pa aliyense amene akusamalira chiweto, ngakhale kwa kanthawi, ndipo South Africa ili ndi lake la 1962. Mukaona vuto, jambulani phazilo, tumizani uthenga wolemba kwa mwini wake kapena kwa achibale a agogowo tsiku lomwelo, ndipo musapereke mankhwala omwe dokotala sanalembe, ngakhale madamu atakuuzani pa foni kuti "theka la piritsi basi". Ndipo ngati amene mukuwasamalirawo ali ndi shuga, zilonda zam'miyendo kapena chitetezo chofooka, galuyo asawanyambite pabala. M'kamwa mwake muli tizilombo tomwe tikalowa m'magazi a munthu wotere timamugoneka m'chipatala. Mukamaliza kugwira phazi lodwalalo, sambani m'manja ndi sopo musanakhudze chakudya kapena mankhwala awo.