Chimene chimamudikira munthu wotengedwa kukazengedwa mlandu wa mankhwala osokoneza bongo ku America

Malamulo aakulu a dziko la Moçambique, Constituição da República, pa ndime 67 amanena kuti nzika ya dziko lino singathamangitsidwe kapena kuperekedwa ku dziko lina kuti ikazengedwe mlandu. Chitetezo chimenechi chimathera pa malire. Malawi, Zambia ndi South Africa ali ndi mapangano operekana oganiziridwa milandu ndi dziko la America, choncho munthu wa ku Angónia kapena ku Tsangano amene wagwidwira ku Lilongwe kapena ku Johannesburg akhoza kutumizidwa kutsidya kwa nyanja.

Nkhani ya Manuel Chang, nduna yakale ya zachuma, ikusonyeza njira yake, ngakhale mlandu wake sunali wa mankhwala. Anagwidwa pa bwalo la ndege la OR Tambo mu December 2018, anakhala m'ndende ku South Africa mpaka July 2023, kenako anatumizidwa ku New York kumene anapezeka wolakwa mu 2024. Njira yomweyo ndi imene angadutse dalaivala kapena wonyamula katundu, popeza heroin amene amatsikira m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa dziko lino amapita ku South Africa pa msewu, ndipo omulemba ganyu sawuza aliyense zonse zili m'katundumo.

Ambiri amadabwa kuti America ikulowapo bwanji pa zinthu zochitikira ku Africa. Lamulo la kumeneko limalanga munthu wogawa mankhwala kunja kwa dzikolo ngati ankadziwa, kapena anali ndi chifukwa choganizira, kuti akalowa ku America. Kungopangana chiwembucho ndi mlandu kale. Abale awiri a ku Mombasa, Baktash ndi Ibrahim Akasha, anapereka makilogalamu 99 a heroin kwa anthu amene ankadzionetsa ngati ogula, koma anali otumidwa ndi DEA, nthambi ya boma la America yolimbana ndi mankhwalawa. Katunduyo anagwidwira ku Kenya komweko, komabe mu 2017 anawatengera ku New York. Baktash analamulidwa zaka 25, Ibrahim zaka 23.

Ngozi yoyamba ili pakamwa pa womangidwayo. Ulendo wa pandege ndi wautali, apolisi omuperekeza amacheza naye bwino, ndipo zimene wanena zikhoza kukawerengedwa m'khoti. Ali ndi ufulu wokhala chete, koma ayenera kunena momveka kuti sayankha mafunso mpaka aonane ndi loya, amene kuno timati advogado. Kunama n'koipa kuposa kukhala chete, chifukwa kunamiza wapolisi wa boma la federal ndi mlandu paokha. Mafoni a m'ndende amajambulidwa, ndipo oimira boma pa milandu amawamvetsera. Mawu a Chichewa kapena Chipwitikizi amangowapezera womasulira. Achibale akuno akamayankhula naye, nkhani ikhale ya ana, ya kumunda ndi ya thanzi lake, ya mlandu aisiyire loya.

Wopanda ndalama amapatsidwa loya wolipidwa ndi boma, ndipo khoti limapereka womasulira. Ngati Chipwitikizi chake n'chochepa, anene poyamba pomwe kuti akufuna womasulira wa Chichewa, asamangogwedeza mutu pa zimene sakuzimva. Akhozanso kupempha kuti ofesi ya kazembe wa Moçambique ku Washington idziwitsidwe. Banja lisathamangire kugulitsa ng'ombe kapena munda chifukwa cha munthu wolonjeza kuti akamutulutsa. Belo pa milandu ikuluikulu ya mankhwala ndi yovuta, makamaka kwa mlendo wopanda nyumba ndi abale kumeneko, ndipo maloya aboma a m'makhoti a federal amaidziwa bwino milandu yotere.

Chilango chimayambira pa sikelo. Kilogalamu imodzi ya heroin, kapena makilogalamu 5 a cocaine, zimabweretsa zaka zosachepera 10 m'ndende. Magalamu 100 a heroin kapena magalamu 500 a cocaine, zaka zosachepera 5. Chopweteka n'chakuti pa mlandu wa chiwembu munthu sawerengeredwa zokhazo zimene ananyamula ndi manja ake. Akhoza kusenzetsedwa katundu wa anzake ngati anali mbali ya zimene anagwirizana ndipo akanatha kudziwa kuti zichitika. N'chifukwa chake loya wabwino amathera nthawi yambiri pa kulemera kwa katundu ndi pa udindo wa munthuyo m'gululo, kusonyeza kuti anali wotumidwa chabe.

Pali njira ziwiri zotsikira pansi pa zaka zimenezi. Yoyamba imatchedwa safety valve, ndipo ndi ya munthu amene alibe mbiri yaikulu ya milandu, sanagwiritse ntchito mfuti kapena chiwawa, sanali mtsogoleri, palibe amene anafa kapena kuvulala kwambiri, ndipo wauza boma zoona zonse za mlanduwo asanapatsidwe chilango. Yachiwiri ndi kuthandiza boma kugwira ena. Pamenepa oimira boma okha ndiwo angapemphe woweruza kuti achepetse chilango, ndipo wothandizayo ayenera kuganizira abale ake otsala kumudzi, amene eni katundu amawadziwa. Zonse ziwirizi zimachitika loya alipo, osati pocheza ndi wapolisi.

Anthu oposa 9 mwa 10 alionse opezeka olakwa m'makhoti a federal amavomera okha mlandu posinthana ndi chilango chocheperako. Zimenezi sizikutanthauza kuti aliyense avomere. Asanasaine kalikonse, loya amuonetse umboni umene boma lili nawo, ndipo pepala lonse limasuliridwe.

Loya ayeneranso kupeza mapepala a dziko limene linamupereka. Pali mfundo yakale, imene Khoti Lalikulu la America linaitsimikiza mu 1886 pa mlandu wa Rauscher, yakuti woperekedwa kudzera m'pangano azengedwe milandu yokhayo imene anaperekedwera. Koma kudandaula kuti anamutenga mosatsata malamulo sikuthandiza kwenikweni: mu 1992, pa mlandu wa Alvarez-Machain, khotilo linalola kuti dokotala wobedwa kuchokera ku Mexico azengedwe mlandu. Mapepala omwewo amasonyeza masiku amene anakhala m'ndende podikira kutumizidwa, ndipo masikuwo amatha kuchotsedwa pa chilango. Achibale angathandize posunga tsiku limene anagwidwa ndi dzina la ndende iliyonse imene anasungidwamo.

M'ndende za federal mulibe dongosolo lotulutsa munthu pa theka la chilango. Khalidwe labwino limachotsa masiku osapitirira 54 pa chaka, choncho wolamulidwa zaka 10 amakhala pafupifupi zaka 8 ndi theka. Akamaliza, mlendo amaperekedwa kwa akuluakulu oona za olowa m'dziko, ndipo kawirikawiri amabwezedwa kwawo popanda mwayi wobwereranso ku America.