Ulongwe, likulu la Angoniya

Ana inu, kodi munapitako ku Ulongwe? Ena mwa inu munabadwira komweko. Ena munangomva amayi akunena kuti: "Mawa ndikupita ku vila." Vila imene akunenayo ndi Ulongwe.

Ulongwe si mzinda waukulu ngati Tete kapena Beira. Ndi vila yaing'ono, yozunguliridwa ndi minda. Koma ndiyo likulu la distiritu ya Angoniya, m'provinsiya ya Tete. Likulu ndi malo amene kumakhala akuluakulu oyang'anira distiritu yonse. M'mabuku a Cipwitikizi dzina lake amalemba Ulónguè. Ku Malawi, m'boma la Balaka, kulinso malo ena ochedwa Ulongwe. Amenewo ndi ena, tisawasokoneze ndi kwathu.

Kucokera ku Tete kufika ku Ulongwe pali makilomita oposa 200. Galimoto imadutsa ku Moatize, kumene amakumba malasha. Kenaka imayamba kukwera. Imakwera, nikwerabe. Ku Tete munthu amacoka ali thukuta kamukamu. Pofika ku Ulongwe amafunafuna juzi. N'cifukwa ciyani? Cifukwa Ulongwe ali pamtunda, pamwamba pa mapiri. Malo okwera amazizira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, ana amapita ku sukulu manja ali m'khwapa, ndipo agogo sacoka pamoto mpaka dzuwa litakwera.

Kuzizirako tisakuda. Ndiko kumene kumatipatsa mbatata ya kacewere, imene ena amati batata reno. Mbatata imeneyi sikonda malo otentha. Ku Angoniya imabereka bwino, ndipo malole amaitenga m'matumba kupita nayo ku Tete ndi ku Beira. Mvula nayonso imagwa yokwanira. Alimi amakolola cimanga, nyemba, soya, kabici, matimati ndi fodya. Mapicesi amapsa nthawi ya dzinja. Tsiku la msika, yang'anani pamsewu m'mamawa. Mudzaona ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Mudzaona njinga zitasenza matumba, mwini wake akukankha wapansi. Onsewo akulowera ku vila.

Tsopano timve za kale.

Anthu amene anakhala kuno kuyambira kalekale ndi Acewa. Iwo ankalima mapira, nasula makasu, navina gule wamkulu. Pambuyo pake kunabwera Angoni. Angoni anacokera kutali kum'mwera, ku dziko limene lero ndi South Africa. Anayenda zaka zambiri ndi ng'ombe zawo, atanyamula zishango ndi mikondo. Gulu lina, la Angoni a kwa Maseko, linaoloka Zambezi, linafika mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, kenaka linabwerera. Ca m'ma 1870 linakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe. Phiri limeneli ndi lalitali mamita oposa 2000. Dzina loti Angoniya linacokera kwa anthu amenewa. Tanthauzo lake ndi dziko la Angoni.

Pali cinthu cina codabwitsa. Angoni ndiwo anapambana pa nkhondo, koma cinenero cawo sicinapambane. Iwo anakwatira akazi a kuno. Mwana amaphunzira kulankhula ali kumsana kwa amayi ake. Motero ana a Angoni anakula akulankhula Cinyanja, cinenero cimene tikuwerenga m'buku lino. Cingoni cinatsalira m'mawu owerengeka, monga Inkosi, ndiponso m'nyimbo za gule wa ngoma.

M'caka ca 1891, Apwitikizi ndi Angerezi anagwirizana za malire. Sanafunse mafumu athu. Mbali ina inakhala ya Apwitikizi, ndiyo Mozambiki. Mbali ina inakhala ya Angerezi, ndiyo Malawi wa lero. Malirewo anadutsa pakati pa abale. N'cifukwa cake ambiri a ife tili ndi amalume ku Dedza kapena azakhali ku Ntcheu. Pa malo ena msewu ndiwo malire: tsidya lino Mozambiki, tsidya ilo Malawi. Nkhuku imaoloka popanda wofunsa.

Apwitikizi anamanga maofesi awo pa Ulongwe, nacha malowo Vila Coutinho. Limeneli linali dzina la munthu wa kwawo. Masiku amenewo anthu ankapita ku vila ndi mantha. Kumeneko n'kumene ankakhomera msonkho, ndipo amuna ambiri ankagwidwa kukagwira nchito ya cibalo, nchito yokakamiza. Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pambuyo pake dzina la Vila Coutinho linacotsedwa, ndipo vila inachedwa Ulongwe. Agogo ena mpaka lero amaiwala, n'kunena dzina lakale lija. Musawaseke. Anakula nalo.

Mtendere sunakhalitse. Kunabuka nkhondo ya pacibale, imene inatha zaka 16. Ku Angoniya inavuta kwambiri m'zaka za m'ma 1980. Sukulu zinatsekedwa. Masitolo anaphwanyidwa. Ng'ombe zinatengedwa. Anthu anathawa usiku, mwana kumsana, mtolo pamutu. Anathawira kuti? Kwa abale awo aja a tsidya lina la malire. Anthu a ku Mozambiki oposa 1 miliyoni anakakhala ku Malawi. M'minda munamera chire. M'misewu ya ku vila munali zii.

Pa 4 Okutobala 1992, atsogoleri anasaina pangano la mtendere ku Roma, m'dziko la Italy. Ndilo tsiku lija sitipita ku sukulu caka ndi caka. Anthu a ku Angoniya sanacedwe kubwerera, pakuti kwawo kunali pafupi. Ambiri anangoyenda wapansi. Anapeza nyumba zilibe madenga. Ena anazindikira pakhomo pawo poona mtengo wa mango umene anabzala kale. Anasosa, nalima, naumba njerwa. Ana ena anayamba kuphunzira pansi pa mtengo, makalasi asanamangidwe.

Nanga lero ku Ulongwe kuli ciyani? Kuli ofesi ya a Administrador, mkulu wa distiritu. Kuli cipatala cacikulu, kumene zipatala zazing'ono za m'midzi zimatumiza odwala kwambiri. Kuli apolisi, khothi, msika ndi sukulu za sekondale. Kulinso ofesi yolembetsa ana obadwa. Makolo, ofesi imeneyi ndi yofunika. Mwana akalembetsedwa amalandira sedula, kalata yosonyeza dzina lake, tsiku lobadwa ndi maina a makolo ake. Kalatayo idzafunika ku sukulu, idzafunikanso akadzakula. Isungeni pouma, pamene mbewa ndi ciswe sizifika.

M'caka ca 2008, Ulongwe anakhala munisipiyu. Izi zikutanthauza kuti anthu a mu vila amasankha okha mtsogoleri woyang'anira msika, misewu ndi ukhondo wa pamalopo. Pa Ulongwe palinso gawo la Universidade Zambeze, sukulu ya ukacenjede, kumene anyamata ndi atsikana amaphunzira za ulimi. Ena amacokera ku maprovinsiya akutali kudzaphunzira za nthaka ndi mbewu kuno kwathu. Akafika, cinthu coyamba kugula ndi bulangeti.

Madzulo ano, mukadya nsima, khalani pafupi ndi agogo. Afunseni kuti: "Agogo, kodi inu munali kuti pa nthawi ya nkhondo? Munabwerera caka canji? Nanga pa msika wa ku Ulongwe munayamba kugulitsapo ciyani?" Mawa mudzawauze aphunzitsi zimene agogo ayankha.