NJINGA YAMOTO: YAMBANI NDI MABULEKI, ZOKONGOLETSA PAMBUYO

Pa Ciweru masana, mukayenda m'mbali mwa mseu waukulu umene wadutsa pakati pa tauni ya Kafue, kapena mukalowa ku Zambia Compound ndi ku Shikoswe, simudzalephera kupeza kagulu ka anyamata atazungulira njinga zamoto. Wina akutsuka yake, wina wagwada pansi ndi sipanala m'manja, wina akuliza injini kuti anzake amve ekizosi yatsopano. Nkhani zao ndi za njinga zokha-zokha: iti imathamanga, iti simwa petulo wambiri, ndani anafika msanga ku Turnpike.

Kukonda njinga si mlandu ai. Muno mu Kafue njinga yamoto, imene ambiri amangoicha honda angakhale ikhale Boxer, TVS kapena Yamaha, ndiyo khasu la mabanja ambiri. Imabweretsa nsomba kucokera ku Chanyanya ndi ndiwo zamasamba kucokera kumadimba. Imapereka mwana kusukulu, ndipo usiku motoka ikasowa, ndiyo imafikitsa wodwala kucipatala.

Koma funso limene tsamba lathu la zaumoyo likufunsa inu eni njinga ndi ili: ndalama ikapezeka, mumayamba kugula ciani? Ambiri amayamba ndi zimene anthu aziona ndi kumva. Zimene zimasunga moyo, monga mabuleki, matayala ndi cisoti ca kumutu, zimayembekezera mwezi wamawa. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zokongoletsa zimene zimadwalitsa

Tiyambe ndi ekizosi. Anyamata ena amaiboola kapena kucotsamo zam'kati kuti njinga izimveka kutali. Akatswiri a makutu amacenjeza kuti phokoso loposa madesibelo 85, munthu akamalimva maola asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku, limaononga makutu. Njira yapafupi yodziwira ndi iyi: ngati muyenera kukuwa kuti mnzanu amene waima pafupi nanu akumveni, phokosolo lapitirira. Matendawa amayamba ndi kulira kwa m'makutu madzulo, kenaka munthu amayamba kufunsa kawiri-kawiri zimene anzake anena. Makutu akafa ndi phokoso sacira. Injini nayo simapindula, kaamba kakuti ekizosi yoboola imasokoneza kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya, ndipo injini ingathe kumatentha kopitirira. Ng'oma yolira sikhalira kung'ambika.

Caciwiri ndi magalasi oonera kumbuyo. Ena amawamasula ati njinga ioneke yacinyamata. Kumbukirani mseu umene tikukhala nao. Kafue ali pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45 kucokera ku Lusaka, ndipo mathiraki ocokera mumzindawo kupita ku Chirundu, ku Livingstone ndi ku Kazungula amadutsa pakati pa tauni yathu usana ndi usiku asanakapatukane ku Turnpike. Wanjinga wopanda magalasi amaceuka kuti aone cimene cikubwera kumbuyo, ndipo poceukapo njinga imakhotera kumene mutu wapita. Dziwaninso kuti ngati inu simukuona magalasi a thiraki, ndiye kuti woyendetsa wake sakukuonani.

Cacitatu ndi nyale. Nyale zowala kwambiri zomangidwa mosalunjika zimathobwa m'maso woyendetsa motoka amene akubwera kutsogolo kwanu, ndipo iye akasiya kuona, woyamba kugundidwa ndinu. Mawaya olumikizidwa mwacisawawa pofuna kuika timagetsi tamitundu-mitundu ndi wailesi amatha batire ndi kupsereza fyuzi, mwina usiku pakati pa ulendo. Codabwitsa ncakuti njinga zambiri zowala kutsogolo zimakhala ndi nyale yakumbuyo yakufa. Babu la nyale yofiira ija ndi lochipa kuposa zokongoletsa zonse, koma ndilo limauza woyendetsa thiraki kuti patsogolo pake pali munthu, makamaka m'mawa mwa miyezi ya June ndi July pamene nkhungu imakuta malo a kufupi ndi mtsinje.

Matenda a njinga amayamba pang'ono

Njinga ili ngati thupi la munthu: isanagwe imayamba yadandaula. Buleki imalira, cheni imagunda-gunda, cowongolera cimanjenjemera. Mwini wake amamva zonsezi koma amati idzafika. Tsiku limene sidzafika, wopita kucipatala ndi munthu.

Taonani masamu awa. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupi-fupi 17 pa sekondi imodzi. Mwana akatulukira mumseu, musanagwire ndi buleki komwe mwayenda kale mtunda umenewo. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti njinga iime umawirikiza kanai. Tsopano onjezerani buleki yotha ndi tayala losalala.

Ambiri amaopa buleki yakutsogolo, ena mpaka amaisiya yakufa, poganiza kuti imagwetsa. Zoona zake nzakuti pa mseu wa tala buleki yakutsogolo ndiyo imagwira nchito yaikulu yoimitsa njinga. Cofunika ndi kuphunzira kuifinya pang'ono-pang'ono pamodzi ndi yakumbuyo, osati kuikoka mwadzidzidzi. Pa mcenga ndi pa matope ndipo pofunika dzanja lofewa koposa.

Tayala likatha mizere silingathe kukankha madzi, motero mvula yoyamba ya November ikagwa pa tala wodzala fumbi ndi oilo, njinga imatsetsereka ngati yaponda therere. Tayala locepa mpweya limatentha ndipo lingaphulike, makamaka njinga ikasenza matumba ndi anthu awiri kumbuyo. Cheni yolendewera ingavuke ndi kumanga wilo lakumbuyo njinga ili pa liwiro. Pa njinga zambiri zing'ono-zing'ono cheni iyenera kusewera masentimita awiri kapena atatu cabe, koma onani buku la njinga yanu. Ngati munagula yopanda buku, funsani makanika wodziwa. Safunsa anadya phula.

Phunziro locokera kwa anchito a zaumoyo

Nkhani ya kusamala njinga siyacilendo kwa anchito a zaumoyo. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anthu atatu okonda mipikisano ya njinga zamoto, Barry Coleman ndi mkazi wake Andrea a ku Britain, pamodzi ndi katswiri wa mpikisano wa ku America Randy Mamola, anakhudzidwa ndi zimene zinali kucitika m'maiko a mu Africa. Njinga zimene zinaperekedwa kuti zizinyamula katemera ndi mankhwala zinali kufa zikali zatsopano, zina kaamba ka kacitsulo kochipa kapena kusowa oilo. Anthuwa anayambitsa bungwe la Riders for Health, limene linadzagwiranso nchito muno mu Zambia.

Ciphunzitso cao cinali cakuti njinga isamayembekezere kufa kuti ikaone makanika. Woyendetsa aliyense anaphunzitsidwa kuona zinthu zisanu m'mawa uliwonse asanalize injini. Coyamba, petulo: alimo wokwanira, ndipo sakudontha? Caciwiri, oilo wa mu injini ndi wa pa cheni. Cacitatu, kakokedwe ka cheni ndi ka zingwe za kilachi ndi buleki. Cacinai, manati ndi mabauti, kaamba kakuti miseu ya miyala imawamasula. Cacisanu, zoimitsa njinga, ndiko kuti mabuleki ndi matayala.

Pakati pa 2011 ndi 2014 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford anayesa njira imeneyi m'maboma asanu ndi atatu a cigawo ca kum'mwera, cimene ciri cabe kutsidya kwa mtsinje wa Kafue. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2016, zinaonetsa kuti anchito a zaumoyo amene njinga zao zinali kusamalidwa mwa ndondomeko anali kufika kumidzi kawiri-kawiri kuposa anzao. Ngati kuona zinthu zisanu m'mawa kunathandiza kufikitsa katemera kwa ana, kungathandizenso inu kufika kunyumba madzulo. Nchitoyi siposa mphindi zisanu.

Cisoti si ca apolisi, ndi canu

Lamulo la pa mseu la 2002, limene linakhazikitsanso bungwe la RTSA, limafuna kuti woyendetsa njinga yamoto akhale ndi laisensi, ndipo iye pamodzi ndi wokwera kumbuyo avale cisoti. Koma timaona cisoti cikulendewera pa cigongono, ndipo cimakwera kumutu pokhapo apolisi akaonekera.

Mu 2008 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa zofufuza za madotolo a m'maiko osiyana-siyana, linapeza kuti cisoti cimacepetsa ngozi ya imfa ndi 42 peresenti, ndi ngozi ya kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Fupa la mwendo likathyoka limalumikizana. Bongo ukavulala, munthu angakhale ndi moyo koma osathanso kulankhula bwino, kugwira nchito kapena kuzindikira ana ake, ndipo banja lonse limasanduka anamwino.

Cisoti cosamanga lamba wa pacibwano cimauluka mutu usanafike pansi. Cisoti ca anchito omanga nyumba kapena a m'fakitale sicinapangidwire pa mseu. Cimene cinagundapo kale pa ngozi cisinthidwe angakhale cioneke cabwino kunja, cifukwa cofewa ca m'kati cimaphwanyika kamodzi kokha. Valaninso nsapato zotseka, osati mapatapata, ndi jekete yowala usiku.

Inu amai okwera kumbuyo, pindani citenje bwino musanakhale, cifukwa nsonga yake ikalowa m'masipoko kapena mu cheni imakugwetsani pamodzi ndi mwana kumbuyo. Cenjeraninso ndi ekizosi potsika. Mukapsa, thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, ndipo musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta.

Pokonza njinga panyumba

Ngozi zina zimacitika njinga itaima. Musakoke petulo ndi pakamwa kupyolera m'paipi. Kadontho kakalowa m'mapapo kamayambitsa cibayo coopsa. Mwana akamwa petulo wosungidwa m'botolo la zakumwa, musamusanzitse ai, thamangirani naye kucipatala.

Ambiri amagoneka njinga m'nyumba poopa akuba. Ngati mutero, tsekani kampopi ka petulo, ndipo njinga ikhale kutali ndi mbaula ndi kandulo. Musalize injini m'nyumba yotseka. Utsi wake uli ndi mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyengo yozizira. Mpweyawu suoneka ndipo sununkha.

Palinso mcitidwe wothira oilo wa mabuleki, petulo kapena oilo wakuda pa cilonda ati ciume msanga. Zimenezi zimapsereza mnofu ndi kucedwetsa kupola. Tsukani cilonda ndi madzi aukhondo ndi sopo, cimangeni ndi nsalu yoyera, ndipo pitani kukiliniki akaone ngati mufunika nyeleti ya kafumbata.

Ngozi ikacitika

Coyamba, imikani anthu mbali zonse ziwiri za mseu kuti acenjeze mamotoka, kuopa kuti wovulala angagundidwenso. Itanani apolisi pa 991 kapena ambulansi pa 992.

Musamudzutse wovulala mokoka manja, ndipo musamuvule cisoti pokhapo ngati akulephera kupuma. Khosi lingakhale lothyoka, ndipo kulipotoza kungapuwalitse munthu moyo wake wonse. Ngati muyenera kumunyamula, gwirizanani anthu angapo, wina agwire mutu kuti ukhale molunjika ndi thupi, ndipo mumugoneke pa thabwa kapena citseko. Pamene pakutuluka magazi, panikizani ndi nsalu yoyera osaleka. Musamupatse madzi, cakudya kapena mowa, cifukwa mwina afunika opaleshoni.

Cenjezo lalikulu ndi ili: munthu amene wagunda mutu angadzuke, kuseka ndi kukankha njinga yake kupita kunyumba, pamene magazi akukha pang'ono-pang'ono m'kati mwa cigaza. Ngati anakomokapo angakhale kanthawi kocepa, kapena akusanza, akusinza mosadzutsika, akulankhula zosokonezeka, mutu ukuwawa moonjezereka, kapena magazi ndi madzi akutuluka m'khutu kapena m'mphuno, mufikitseni kucipatala ca Kafue nthawi yomweyo. Musayembekezere kuti kuce. Madotolo ndiwo adzaona ngati afunika kutumizidwa ku UTH mu Lusaka. Usiku woyamba, munthu wotere asagone yekha.

Mau otsiriza kwa eni njinga

Mwezi uno ukatha ndipo ndalama yalowa m'thumba, ikani zinthu mu mzere wake. Yambani ndi zisoti ziwiri, canu ndi ca wokwera kumbuyo. Kenaka mabuleki, matayala, cheni, nyale yakumbuyo ndi magalasi. Oilo asinthidwe pa nthawi yake. Zikatsalako, gulani mpando wokongola ndi zomata-mata, palibe adzakuletsani. Ndipo tsiku limene mwalawa mowa, njinga igone kumene ili, inu mukwere basi.

Inunso akulu-akulu a m'magulu a njinga, anyamata amatengera kwa inu. Pa Ciweru likudzali mukakumana, musanamvetsere kulira kwa ekizosi ya mnzanu, yambani mwafinya buleki yake ndi kuyang'ana tayala lake. Kunyumba kuli ana amene amadziwa kulira kwa njinga ya atate ao ikali patali, ndipo madzulo alionse amachera khutu.