Mmene Boma la America Linalimbanirana ndi Umphawi wa M'zaka za 1930

Nkhani ya lero ikunena za mavuto aakulu a zachuma amene anagwa m'dziko la United States of America kuyambira chaka cha 1929, ndi njira zimene boma linatsata pofuna kuwombola anthu ake.

M'zaka za m'mbuyo mwake dzikoli linkaoneka lolemera, koma chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu ambiri ankagula katundu ndi masheya a makampani pa ngongole, pamene alimi anali atayamba kale kulira ndi kutsika kwa mitengo ya zokolola. Mu Okotobala 1929 mitengo ya masheya inagwa mwadzidzidzi ku New York. Mafakitale anayamba kutsekedwa, ndipo pofika 1933 munthu mmodzi mwa anayi alionse oyenera kukhala pa ntchito anali pa ulova. Mabanki pafupifupi 9,000 anagwa pakati pa 1930 ndi 1933. Kukangomveka mphekesera yoti banki yakutiyakuti ikugwedezeka, anthu onse ankathamangira kukatapa ndalama zawo tsiku limodzi, ndipo ngakhale banki yoyenda bwino inkagwa, popeza ndalama zambiri za banki zimakhala zili m'manja mwa okongola.

Bambo Franklin D. Roosevelt analowa pa mpando wa Pulezidenti pa 4 Malichi 1933, atalonjeza ndondomeko yotchedwa New Deal. Choyamba analamula kuti mabanki onse atsekedwe kwa masiku angapo kuti mabuku awo afufuzidwe. Pa 12 Malichi analankhula pa wailesi, nafotokoza m'mawu osavuta mmene banki imagwirira ntchito ndi chifukwa chake mabanki amene atsegulidwenso adzakhale odalirika. Anthu anamvera ali m'nyumba zawo, ndipo mabanki atatsegulidwa ambiri anabwezera ndalama zimene anali atabisa. Chaka chomwecho panakhazikitsidwa bungwe la FDIC, lobwezera munthu ndalama zake banki ikagwa. Poyamba malire ake anali madola 2,500.

Pa nkhani ya ulova, boma linaona kuti kupatsa munthu ntchito n'kwabwino koposa kungomgawira chakudya, chifukwa wogwira ntchito amasunga ulemu wake. Bungwe la Civilian Conservation Corps linalemba anyamata pafupifupi 3 miliyoni kufikira 1942. Aliyense ankalandira madola 30 pa mwezi, ndipo madola 25 mwa amenewa ankatumizidwa kwa banja lake kumudzi. Anyamatawa anabzala mitengo pafupifupi 3 biliyoni ndi kuteteza nthaka kuti isakokoloke. Bungwe lina, la Works Progress Administration, lomwe linayamba mu 1935, linalemba anthu oposa 8 miliyoni omanga misewu, milatho, masukulu ndi zipatala. M'chigwa cha mtsinje wa Tennessee boma linamanga madamu oletsa kusefukira kwa madzi ndi kupereka magetsi, pa nthawi imene mwa mafamu khumi alionse m'dzikomo, imodzi yokha ndiyo inali ndi magetsi.

Komabe walira mvula walira matope. Pofuna kukweza mitengo ya zokolola, lamulo la zaulimi la 1933 linalipira eni minda kuti achepetse kulima. Thonje lomera kale linagalauzidwa, ndipo nkhumba pafupifupi 6 miliyoni zinaphedwa pamene ena anali kugona ndi njala. Ku zigawo za kumwera eni minda ambiri analandira ndalama za boma nathamangitsa matenanti awo, ambiri a iwo anthu akuda. Mu 1936 khothi lalikulu la dzikolo linathetsa lamuloli.

Ntchito yokhalitsa koposa inali lamulo la Social Security la 1935, limene Mayi Frances Perkins, nduna yoyamba yachikazi m'dzikomo, analimenyera nkhondo. Wantchito ndi womlemba ntchito anayamba kusonkha kangachepe pa malipiro alionse kuti munthu akakalamba adzalandire penshoni. Antchito a m'minda ndi a m'nyumba anasiyidwa kunja kufikira m'zaka za 1950. Lamulo lina la 1938 linaika malipiro otsikitsitsa a masenti 25 pa ola, ndi kuletsa kulemba ana ntchito m'mafakitale.

Kodi New Deal inathetsa mavuto onse? Iyayi. Boma litachepetsa ndalama zogwiritsira ntchito mu 1937, ulova unakweranso, ndipo unatheratu pokhapo mafakitale atayamba kupanga zida za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Chimene chinasintha ndi maganizo a anthu pa udindo wa boma: anavomereza kuti munthu wochotsedwa ntchito popanda chifukwa cha iye mwini, kapena wokalamba wosowa pogwira, sayenera kusiyidwa yekha. Mabungwe olemba anthu ntchito aja anatha kalekale, koma FDIC ndi Social Security zikugwirabe ntchito mpaka lero.