Moto wosaoneka pansi pa Lochinvar

Mvula ikagwa mu Novembala, okonda kugona kutchire ambiri a mu Lusaka amapinda matenti n'kudikira chilimwe. Koma alipo ena ku Woodlands ndi ku Kabulonga, eni galimoto zogonamo, amene nyengo ya dzinja ndiyo amaikonda chifukwa alendo amachepa. Amalawirira m'mamawa, kudutsa Kafue ndi Mazabuka, ndipo akafika ku Monze amapatukira ku Lochinvar National Park.

Malowa anakhala paki mu 1972 ndipo amadziwika ndi agwape a lechwe komanso mitundu ya mbalame yoposa 400. Kum'mwera kwake, pakati pa migwalangwa, kuli akasupe a Gwisho. Madzi ake amatuluka akufuka nthunzi, otentha kuyambira madigiri 60 mpaka kupitirira 90, ngati ongophula kumene pambaula.

Nanga amawatenthetsa ndani, poti kuno kulibe phiri lophulika? Madziwo ndi mvula yomweyi. Imalowa m'ming'alu ya matanthwe n'kutsikira pansi kwambiri, ndipo pa kilomita iliyonse imene watsika, kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30. Akatentha, madziwo amapepuka n'kukwera msanga kudzera mumng'alu wina asanazizire, atasungunula mchere wa m'miyala. N'chimodzimodzi ku Chinyunyu, m'mbali mwa msewu wa Great East popita ku Chipata.

Anthu anawadziwa kalekale akasupewa. Akatswiri amene anakumba ku Gwisho m'zaka za m'ma 1960 anapeza mafupa ndi zida za alenje amene ankakhala pamenepa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo.

Ambiri amati madzi otere ndi mankhwala. N'zoona kuti madzi ofunda amamasula minofu ndi kuchepetsa kuphwanya kwa thupi, koma sachiza shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo si akumwa. Pamene akutumphukira, madzi a madigiri 60 amasupula khungu m'masekondi ochepa, makamaka la mwana. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pamalo opsawo kwa mphindi 20. Osapakapo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira. Chotsani mphete chala chisanatupe, phimbani ndi nsalu yoyera, kenako thamangirani kuchipatala.

Dzinja lilinso ndi zake. Dothi la m'chigwa cha Kafue ndi makande: likanyowa limamatirira kumatayala mpaka galimoto kutitimira. Funsani oyang'anira paki za msewu musananyamuke, ndipo musaiwale neti, chifukwa imeneyi ndiyo nyengo ya udzudzu ndi malungo.

Ngakhale amene sanapondeko ku Monze nkhaniyi ikumukhudza. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi m'damu lopangira magetsi la Kariba, mabanja ku Kabwata ndi ku Chelstone ankakhala opanda magetsi mpaka maola 21 patsiku. Ku Kenya, nthunzi ya pansi pa nthaka ku Olkaria, m'dera la paki ya Hell's Gate, yakhala ikupanga magetsi kuyambira 1981. Kuno kwathu, kampani ya Kalahari GeoEnergy yakhala ikuboola zitsime pafupi ndi mtsinje wa Bweengwa, m'mphepete mwa Lochinvar, ndi cholinga chomwecho. Damu limadalira mvula ya chaka chino, koma moto wa pansi pa Gwisho sunazimepo chiyambire nthawi ya alenje aja.