Hatchi yopambana dzulo inadya mpamba wa matemba

Kwathu kwa Mwambo kulibe hatchi. Zoyendera zathu ndi njinga, ngolo ndi bwato. Koma masiku ano mukakhala padoko la Kachulu mumva anyamata akutsutsana za mahatchi a ku Durban ngati anawaweta okha. Nzeru zimenezi zinabwera ndi a ku Joni, ndipo foni yazifalitsa.

Mphwanga, amene amapikula matemba ku Chilwa n'kukagulitsa ku Limbe, anagwa m'mbuna yomweyi mu 2020. Anandipeza ku Jali nkhope ili ngwee.

"Achimwene, iyi ndiye ndalama yongotola. Do It Again yapambana kawiri kotsatizana, ingalephere bwanji kachitatu?"

Za kawirizo sananame. Hatchi imeneyi inapambanadi mpikisano wa Durban July, wa mamita 2,200 pabwalo la Greyville, mu 2018 ndi 2019. Chiyambire El Picha mu 1999 ndi 2000 panalibenso ina yochita zotere. Koma mphwangayo anawerenga mzere umodzi basi, wa nambala wani, n'kutseka buku.

Kuyunivesite sindinamalize, koma kufunsa ndinaphunzira. Mpikisanowu uli ndi lamulo loti hatchi ikamachita bwino aziisenzetsa katundu wolemera kuti zinzake zipezeko mpata. Mu 2018 Do It Again inanyamula makilogalamu 54. Chaka chotsatira inasenza 60. Tsono kupambana komweko ndi kumene kumailemetsa. Aliyense amene anapalasapo njinga ya nsomba kuchoka kunyanja mpaka ku Zomba akudziwa kuti dengu likalemera pang'ono chabe, pamtunda pamavuta. Onjezani zaka, poti hatchi imakalamba msanga, komanso bwalo, ngati lauma kapena lanyowa ndi mvula.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi ichi. Mphunzitsi wake, Justin Snaith, analowetsanso hatchi ina ya m'khola lomwelo, dzina lake Belgarion, yosenza katundu wopepuka. Ndipo Richard Fourie, mkulu amene anakwera Do It Again popambana mu 2019, ulendo uno anali pamsana pa Belgarion. Abale, wopalasa bwato akasintha bwato, inu simufunsa chifukwa?

Belgarion inapambana. Do It Again inathamanga mwamphamvu ndithu n'kukhala yachitatu, koma mphwanga anali atabetchera malo oyamba. Mpamba wa matemba unapita wonse, ndipo kwa miyezi ingapo ankangonyamulira anzake matumba.

Chondiwawa n'chakuti munthu yemweyu pa za nyanja sapusitsika. Mu 2018, Chilwa itayamba kuphwa monga inachitira mu 1995, iye ndiye anali woyamba kuleka kubwereketsa ndalama kwa asodzi. Sananene kuti poti chaka chatha matemba anagwidwa ambiri, chaka chinonso agwidwa. Anayang'ana pamene madzi alekezera, anafunsa akuluakulu, n'kusunga ndalama yake.

Mpamba anaupezanso, ndi thandizo la mlamu wathu. Koma mwezi wa Julaye ukamayandikira, mkazi wake amasunga yekha kachikwama ka ndalama, ndipo foni imagona kwa apongozi.