Maphunziro a Ukachenjede M'ndende: Kodi Digiri Imapezetsa Ntchito?

Madzulo ano tikambirana za munthu amene analoŵa m'ndende wopanda satifiketi, natulukamo ali ndi digiri m'manja. Kodi pepala limeneli limampezetsa ntchito? Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tione zimene zachitika m'dziko la America, kumene nkhaniyi yayesedwa kwa zaka zoposa 50.

M'chaka cha 1972 boma la dzikolo linakhazikitsa thandizo la ndalama zolipirira ophunzira osauka kukoleji, lomwe pambuyo pake linatchedwa Pell Grant. Akaidi nawonso analoledwa kulandira thandizoli, ndipo makoleji ambiri anayamba kutumiza aphunzitsi awo m'ndende. Koma m'chaka cha 1994, anthu atagwidwa ndi mantha chifukwa cha kuchuluka kwa umbanda, nyumba ya malamulo inawachotsa akaidi pathandizoli. Aphungu ena ankati nkosayenera kuti wopalamula aphunzire ndi ndalama za msonkho pamene mwana wa munthu womvera lamulo akusoŵa fizi. Pasanapite zaka zambiri, pafupifupi makalasi onse a koleji m'ndende anatsekedwa.

Ochepa amene anapitirira kapena kuyamba mwatsopano anadalira mphatso za anthu akufuna kwabwino. Chitsanzo chake ndi maphunziro a Bard College m'chigawo cha New York, amene Max Kenner anawayambitsa mu 1999 akadali wophunzira pakolejipo. M'chaka cha 2015 akaidi atatu a maphunziroŵa anagonjetsa ophunzira a ku Harvard pa mpikisano wa mtsutso, ndipo mbiri yawo inamveka kutali.

Tsono phindu lake nlotani? Mu 2013 bungwe lofufuza la RAND linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zaka zambiri. Linapeza kuti kwa mkaidi amene waphunzira ali m'ndende, mpata wobwereranso kundende umachepa ndi 43 pa 100 alionse, pomuyerekeza ndi mnzake wosaphunzira. Linapezanso kuti dola imodzi yolipirira maphunziro imapulumutsa madola 4 kapena 5 amene boma likanaononga posunga anthu omangidwanso. Koma pankhani ya ntchito, mwayi unakwera ndi 13 pa 100 alionse basi.

Taonani kusiyana kwa manambala aŵiriŵa, omvera. Kuleka umbanda kuli m'manja mwa munthu mwini wake, pamene kulembedwa ntchito kuli m'manja mwa wina. Mphunzitsi angathe kusula mutu wa mkaidi, koma sangathe kutsekula mtima wa bwana wolemba ntchito.

Katswiri wina, Devah Pager, anaonetsa zimenezi poyera m'zofufuza zake zimene zinasindikizidwa mu 2003. Iye anatuma anyamata a maphunziro ofanana kukafunsira ntchito mumzinda wa Milwaukee, ena akunamizira kuti anakhalapo m'ndende. Mwa azungu opanda mlandu, 34 pa 100 alionse anaitanidwanso, koma mwa a mbiri ya ndende anaitanidwa 17 okha. Mwa anthu akuda manambala anali 14 ndi 5. Mbiri ya ndende inadula mwayi pakati, ndipo kwa munthu wakuda inaudula koposa. Kuwonjezera apo, m'zigawo zambiri za America malamulo amavutitsa munthu wopezekapo wolakwa kuti alandire chiphaso cha ntchito monga unamwino ndi uphunzitsi, ngakhale atakhoza mayeso onse.

Pofuna kuchepetsa vutoli, chigawo cha Hawaii mu 1998 chinaletsa olemba ntchito kufunsa za milandu yakale asanamuone ngati munthuyo akuyenerera ntchitoyo, ndipo zigawo zina zambiri zinatsanzira. Thandizo la Pell nalo linabwezedwa kwa akaidi ndi lamulo la mu Disembala 2020, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2023.

Phunziro lake nlakuti maphunziro a m'ndende ndi theka chabe la ulendo. Theka linalo limayendedwa kunja kwa mpanda, ndipo mutu umodzi susenza denga. Kuno kwathu ku Malaŵi akaidi a m'ndende monga Zomba, Chichiri ndi Maula amalemba mayeso a MSCE ofanana ndi a ana athu. Tsiku lina mmodzi wa iwo adzagogoda pakhomo la ofesi yanu kapena la sitolo yanu, satifiketi ili m'manja. Inu a bwana, mudzayambe mwaŵerenga satifiketiyo ndi kumumva munthuyo, musanamfunse kumene anali. Mukambweza osamumva, mwamuonetsa njira yobwerera kumene anachokera, ndipo chakudya chake kumeneko chidzalipiridwa ndi msonkho wanu womwe.